Latifu Sanadziwe Chimene Chinamugwetsa pa Njinga

Inu amene munagwa penapake ndipo mpaka lero simukumvetsa kuti zinayenda bwanji, khalani pansi pang'ono mumve za Latifu, bambo wa ku Nsanama m'boma la Machinga.

Lachisanu lina, swala ya Juma itatha, Latifu anatuluka mumzikiti, n'kuvala masilipasi ake, n'kungoima. Kutsogolo kwake kunali njira yopita kumjigo, ina yodutsa m'minda ya nandolo, ndi ina yolowera kumsewu wa tala. Zonsezo ankazidziwa, koma sanathe kukumbukira kuti yopita kunyumba kwake ndi iti.

M'mudzimo anali atakhalamo zaka zambiri chikwatirireni, choncho kufunsa kunamuchititsa manyazi. Anatenga njira ya kumjigo, n'kubwerera, n'kutenga ya m'minda, kenako n'kungopezeka ali kuseri kwa mzikiti womwe uja. Anthu onse anali atapita. Anakhala pansi pa mtengo wa mango atagwira mutu.

Amene anamupeza ndi amayi ochokera kotunga madzi. Mmodzi anatula ndowa yake, n'kumugwira dzanja ngati mwana, n'kumuperekeza mpaka pakhomo. Nyumbayo inali pafupi kwambiri, moti munthu ataima pamzikiti ankaona denga lake.

Mkazi wake, Lukiya, anawathokoza amayiwo, n'kumuyalira mwamuna wakeyo mkeka pakhonde. Latifu anamufunsa, ndipo funso lake linali lomwe lija limene ankafunsa tsiku ndi tsiku.

"Mayi a Ayisha, kodi ineyo chinandichitikira n'chiyani?"

M'mudzi monsemo munalibe amene anali ndi yankho.

Latifu anali munthu wa njinga. Kwawo kunali ku Nkaya, m'boma la Balaka, ndipo ku Nsanama anabwera chikamwini. Munda unali wa kwa mkazi, malo omangapo nyumba analinso a kwa mkazi. Chake chenicheni chinali njinga yakuda ya kaliyala wowotcherera ndi zitsulo zokhuthala, ndi miyendo yake iwiri.

Ndi njinga imeneyo ankanyamula mpunga, chimanga, nandolo ndi madengu a matemba. Ankafika ku Ntaja, ku Ngokwe, ku Liwonde, nthawi zina mpaka ku Balaka. Amalonda ankamukonda chifukwa katundu wawo sankanyowa ndiponso sankachedwa. Misewu yonseyo inali m'mutu mwake, kuphatikizapo njira zachidule zimene galimoto sizidutsa.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ananyamuka m'mawa ndi matumba a mpunga kulowera ku Liwonde. Chimene amakumbukira n'chakuti anamanga matumbawo ndi mphira, n'kutsanzika. Chotsatira chimene amakumbukira ndi denga loyera la kuchipatala, mutu uli ndi bandeji, phewa lili lomangidwa, ndi Lukiya atakhala pansi pambali pa bedi. Zapakatipo palibe.

Anthu anamutola pamtsetse wina wa msewu wa ku Liwonde, mpunga uli mbwee pa tala, njinga itapindika ngati chikwakwa. Atafunsa za ngoziyo, aliyense anamuuza zakezake. Ena anati lole yonyamula thonje inamukhudza n'kuthawa. Ena anati mbuzi inadumphira mumsewu. Anzake a njinga anati mabuleki ndi amene anaduka, katundu anachuluka. Panalinso ena amene ankanong'ona kuti pamtsetse umenewo pali majini, ndipo iye sanali woyamba.

Dokotala anamuuza kuti fupa la paphewa lidzagwirana, koma ubongo unagwedezeka, ndipo zimenezo zimatenga nthawi. Latifu atafunsa kuti nthawi yake ndi yaitali bwanji, dokotalayo ananena chilungamo kuti sakudziwa.

Phewa linapoladi. Bala la pamutu linauma, tsitsi n'kumera. Amene ankamuona ali pakhonde ankati Alhamdulillah, Che Latifu achira. Koma mkati mwake zinthu sizinali m'malo.

Akatembenuka mofulumira, bwalo lonse linkazungulira. Khutu limodzi linkalira ngati muli nyenje. Ankayamba nkhani m'Chichewa, n'kuimalizira m'Chiyao, pakati n'kuiwala kuti amanena chiyani. Poswali ankasokoneza rakaa, zigawo za pemphero, osadziwa ngati wawerama kale kapena ayi, mpaka ankangokhala pamkeka manja ali pamaondo, akudikira kuti mwina zibwerera.

Kenako panali mantha. Munthu amene walumidwa ndi njoka amadziwa choti aziopa. Latifu sankadziwa chimene chinamuluma, ndiye ankaopa zonse. Lole ikalira kumsewu, mtima unkagunda. Mbuzi ikathamanga pabwalo, ankadzidzimuka. Ngakhale belu la njinga ya munthu wodutsa linkamutulutsa thukuta m'manja.

Njinga yake yopindikayo anthu achifundo anaibweretsa pangolo. Latifu anapempha kuti aiike kuseri kwa nkhokwe, ndipo kumeneko sankapitako.

Chakudya chinayamba kuchepa m'nyumba. Lukiya ankapita kuganyu, ana awo awiri ankadya kwa agogo awo masiku ena. Ndipo nkhani ya kusochera kwa Latifu pamzikiti itamveka, inafika kwa a Uladi, mjomba wake wa Lukiya, ndiye kuti malume ake, amene anali mwini mbumba.

A Uladi sanali munthu woipa. Anabwera masana, anapereka salamu, n'kukhala pampando, n'kulankhula mofatsa. Anati mkamwini akadwala matenda a thupi, akuchikazi amamusamala, koma matenda a mutu ndi ena. Lero wasochera pamzikiti, mawa akasochera kunjanji sitima ikubwera, abale ake a ku Nkaya adzati chiyani? Anati n'kwabwino abwerere kwawo, achibale ake akamuyang'anire, ndipo akachira adzabweranso.

Latifu ankamvetsera, koma mawu ankamudutsa ngati madzi a mumtsinje. Ena ankawagwira, ena ankapita. Chimene anamva bwino n'chakuti akuuzidwa kuti achoke. Ndipo choopsa n'chakuti iye mwini sanadziwe ngati akulu aja akulakwitsa. Mwina analidi katundu wolemetsa. Mwina analidi wopenga, chifukwa wopenga sadziwa kuti wapenga.

Anatsala pang'ono kuvomera. Koma Lukiya, amene anakhala pansi chapatali monga mwa ulemu, anasendera pafupi.

"Amjomba, pepani ndilankhuleko. Malata ali padengawa anabwera pa njinga ya bambo awa. Inu mutadwala chaka chija, anakunyamulani ndi iwowa mpaka kuchipatala. Iyayi, sapita. Ngati vuto ndi chakudya, njinga ilipo. Ndiipalasa ndine."

A Uladi anamufunsa ngati anayamba wakwerapo njinga chibadwire. Lukiya anati sanakwerepo. Akuluwo anapukusa mutu, n'kunena kuti nkhaniyo aionanso mvula ikatha, n'kunyamuka.

M'mawa mwake Lukiya anakoka njinga ija kuichotsa kuseri kwa nkhokwe, n'kuisenza pamutu mpaka pamsika wa Nsanama. Kumeneko kunali Feston, wokonza njinga, Mlomwe wa tchalitchi amene anali mnzake wa Latifu kuyambira kale. Feston anaiyang'ana n'kuimba mluzu. Anawongola felemu, anaika foloko ina yakale imene anali nayo, analuka limu ndi masipoko atsopano. Za malipiro anati adzakambirana ndi mwini wake akadzachira.

Njinga itabwera, Lukiya anaiimika pakati pa bwalo, n'kuuza mwamuna wake kuti amuphunzitse. Latifu anakana. Anati sangathe ngakhale kuigwira. Lukiya sanalimbane naye. Anamanga chitenje chake bwinobwino, n'kukwera yekha, n'kugwa. Anadzuka, n'kukweranso, n'kukagwera m'khola la nkhunda.

Latifu ankaonerera ali pakhonde. Tsiku loyamba anapirira. Tsiku lotsatira, ataona mkazi wake akuyang'ana pa tayala lakutsogolo uku akulunjika pa mtondo, anangozindikira kuti waimirira.

"Musayang'ane pansi. Yang'anani kumene mukupita."

Anatsika pakhonde, n'kugwira kumbuyo kwa kaliyala. Aka kanali koyamba kukhudza njingayo chichitikireni ngozi.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse dzuwa lisanatenthe, ankapita kubwalo la mpira la kusukulu. Lukiya ankapalasa, Latifu akuthamanga pambuyo atagwira kaliyala. Ankathamanga pang'ono, chizungulire n'kumugwira, n'kukhala pansi, kenako n'kudzukanso. Iye ankaona ngati akungophunzitsa mkazi wake. Sankadziwa kuti miyendo yake ikubwerera, ndiponso kuti chizungulire chija chikuchedwerachedwera kubwera.

Chodabwitsa china chinali chakuti zinthu za njinga sizinachoke m'mutu mwake. Munthu amene ankaiwala dzina la tsiku ankadziwa bwinobwino mmene thumba liyenera kukhalira kuti lisapendeke, ndi mmene munthu amagwirira buleki potsika mtsetse. Zimenezi zinkamusokoneza kwambiri. Ankadzifunsa kuti ngati zonsezi ankazidziwa, nanga anagwa bwanji?

Mvula isanayambe, Lukiya anali atayamba kunyamula timatumba ting'onoting'ono kuchokera m'midzi kupita pamsika. Sankapeza zambiri, koma ana anasiya kudya kwa agogo.

Kenako linafika tsiku loti Latifu akaonedwenso kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Kuyenda pansi kunali kutali kwa munthu wa chizungulire. Lukiya anaika kansalu pa kaliyala n'kumuuza kuti akwere.

Latifu anayang'ana kaliyalayo. Iye amene ankanyamula matumba atatuatatu, lero anyamulidwe ndi mkazi, adutse pamsika pamaso pa anzake? Koma njira ina panalibe. Anakwera, n'kugwira chitsulo cha pansi pa chishalo, n'kutseka maso.

Pamsika anthu anasekadi. Anyamata a kabaza anaimba mabelu, wina n'kukuwa kuti katundu wa lero ndi wa ndevu. Latifu anamva zonse. Sanatsegule maso mpaka anafika.

Pobwerera anatsegula diso limodzi, kenako onse awiri. Mitengo inkadutsa, mutu unkalemera, koma sanagwe. Ndipo pa kona ina anazindikira kuti thupi lake lapendekera kale kumanzere Lukiya asanakhote. Mutu unali usanaganize, koma thupi linkadziwa. Sanauze munthu. Ankaopa kuti akanena, chinthucho chithawa.

Patapita masiku, Lukiya ali kumunda, anatenga njinga n'kuikankha mpaka kubwalo la mpira kuja. Anaika phazi pa pedulo, n'kukwera. Anapalasa pang'ono chabe, dziko n'kutembenuka, n'kugwera paphewa lomwe linathyoka lija. Anagona pafumbi pomwepo n'kusanza.

Anabwerera kunyumba akukankha njinga, n'kuuza mkazi wake kuti basi, za njinga zatha, mwina a Uladi ankanena zoona. Lukiya anamutsuka chigongono ndi madzi a mchere. Anangomukumbutsa kuti iye mwini anagwa kangati pabwalo lomwelo, ndipo amene ankamuuza kuti adzuke anali ndani.

Nyengo yonse ya mvula inapita chonchi. Tsiku lina ankazungulira bwalo lonse osagwa, n'kubwera kunyumba akumwetulira. Tsiku lotsatira ankalephera ngakhale kukwera. Panalibe dongosolo. Ankayesa kupeza chifukwa: mwina ndi tulo, mwina ndi dzuwa, mwina ndi chakudya, mwina ndi pemphero la duwa limene anaiwala. Palibe chimene chinkagwirizana. Feston akabwera kudzamuona ankangomuuza mawu amodzi a Chiyao amene anaphunzira kwa makasitomala ake, akuti mbolembole, kutanthauza pang'onopang'ono.

Pofika nthawi yokolola, Latifu ankatha kupalasa m'tinjira ta m'mudzi. A Uladi anamuona tsiku lina akudutsa ndi mtolo wa nkhuni pa kaliyala, ndipo nkhani yopita ku Nkaya ija sanaiyambitsenso. Koma msewu wa tala unali nkhani ina. Akangofika m'mphepete mwake, miyendo inkauma.

Iye anadziuza kuti vuto ndi limodzi: sakudziwa chimene chinamugwetsa. Atadziwa, angadziwe chozemba. Choncho anapempha Lukiya kuti apite naye pamtsetse paja. Ankakhulupirira kuti akaona malowo ndi maso, zonse zibwerera.

Anapita m'mawa wina, Lukiya akupalasa, iye ali kumbuyo. Atafika anatsika, n'kuima m'mbali mwa msewu. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Panali tala, kamlatho kakang'ono, udzu wouma, ndi tizisakasa ta anthu ogulitsa makala ndi masawu. Anadikira. Anayenda kutsika, n'kukweranso. Anagwada n'kugwira tala ndi dzanja. Palibe chimene chinabwera. Anali malo wamba, ngati ena onse.

Pa chisakasa china panali mayi wogulitsa makala. Latifu anamupatsa moni, n'kumufunsa ngati akukumbukira munthu wa njinga amene anagwa ndi mpunga chaka chatha. Mayiyo anati akukumbukira bwino kwambiri, anaona ndi maso ake. Anati kunalibe lole, kunalibe mbuzi. Kunabwera kamvuluvulu, n'kumuwaza fumbi m'maso munthuyo. Ndipo anawonjezera kuti munthuyo, mwatsoka, anamwalira ali m'njira yopita kuchipatala.

Asanamalize, bambo wa pa chisakasa china anamudula mawu. Anati mayiwa akusokoneza ndi ngozi ina. Wa mpungayo anagundidwa ndi njinga yamoto, ndipo sanafe, koma anapenga, pano akuyenda maliseche ku Balaka. Awiriwo anayamba kutsutsana, aliyense akulumbira kuti analipo.

Latifu anaima pakati pawo, akumva za maliro ake ndi za misala yake. Lukiya anafuna kuwauza kuti munthuyo ndi yemweyu, koma mwamuna wake anamugwira mkono. Anawathokoza onse awiri, n'kupita kukakhala pa kamlatho kaja.

Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo Lukiya sanadziwe ngati akuseka kapena akulira. Ngakhale mwini wakeyo sanadziwe. Atapukuta maso anati:

"Mayi a Ayisha, amene anaona ndi maso sakudziwa. Ine ndidikira mpaka liti? Chaka chonse ndakhala ndikudikira yankho, ndipo yankholo kulibe. Ndipatseni njingayo."

Lukiya anamufunsa ngati mutu uli bwino. Iye anati suli bwino, koma amupatse basi.

Anaikankha mpaka pamwamba pa mtsetse. Anayesa mabuleki onse awiri. Anati Bismillah, n'kukwera. Anatsika atagwira mabuleki mwamphamvu, pang'onopang'ono kwambiri, moti munthu woyenda pansi akanamupitirira. Chiwongolero chinkanjenjemera. Ali pakati, lole inatulukira kumbuyo n'kuliza hutala. Analowa m'mbali, n'kuponda pansi, n'kudikira kuti idutse. Itadutsa, anabwezera phazi pa pedulo n'kupitiriza mpaka kumunsi.

Sizinali zokongola. Ogulitsa makala aja sanazindikire n'komwe kuti pachitika chinthu. Koma pobwerera kunyumba, amene anakhala pa kaliyala anali Lukiya.

Musaganize kuti kuyambira tsiku limenelo zonse zinakhala bwino. Panali masiku ena amene Latifu ankadzuka mutu uli wolemera, n'kusiya njinga kwa mkazi wake. Amalonda ambiri anali atapeza anthu ena. Ena ankaopa kumupatsa katundu, ankati angakasochere naye. Anayambiranso pansi, ndi maulendo afupiafupi: thumba la chimanga kupita kuchigayo, dengu la tomato kupita pamsika. Anasiya kunyamula mopyola muyeso, anasiya kuyenda dzuwa lili pamutu. Anaphunziranso chinthu chimene kale ankachiona ngati chamanyazi kwa munthu wa njinga, ndicho kuima n'kufunsa njira.

Patapita nthawi, Feston anawalumikizira njinga yachiwiri kuchokera ku zitsulo zakale, ndipo banjalo linayamba kuyenda awiri, mwamuna kutsogolo, mkazi pambuyo. Amene ankaseka aja anazolowera.

Panatsala ulendo umodzi umene unkamuvutitsa mumtima. Mayi ake ku Nkaya anali okalamba, miyendo inali itasiya kuwalola kuyenda. Chichitikireni ngoziyo anali asanamuone. Ankalankhula naye pafoni ya mlongo wake, koma nthawi zonse ankamaliza ndi kulira, chifukwa anthu anali atawauza zambiri ndipo ankaganiza kuti ana awo akuwabisira. Latifu akanatha kukwera minibasi. Koma ankadziwa kuti mayi ake sangakhulupirire kuti wachira pokhapokha atafika mmene ankafikira kale.

Ananyamuka m'mamawa atangoswali, yekha, atamanga kathumba ka mpunga pa kaliyala. Lukiya anamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo sanabwerere kunyumba mpaka mwamunayo atazimiririka.

Anafika ku Liwonde bwinobwino, n'kuwoloka Shire akukankha njinga chifukwa kuyang'ana madzi kunkamuzunguza. Atasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, anafika pa mphambano imene sanaikumbukire. Anafunsa bambo wina wa ngolo, n'kumulozera. Patsogolo anafunsanso. Sanachite manyazi.

Ali pafupi ndi ku Nkaya, anapeza sitima ya malasha ikudutsa pamene msewu umawoloka njanji. Inali yaitali, mabogi akuda otsatizana, lina pambuyo pa lina, osatha. Atawayang'ana, chizungulire chija chinabwera ndi mphamvu yake yonse. Sanadziwenso ngati ikuyenda ndi sitima kapena ndi iyeyo. Khutu linalira, ndipo kwa kanthawi sanadziwe kumene ali ndi kumene akupita.

Kale akanagwa. Tsiku limenelo anatsika pa chishalo, n'kuponda mapazi onse awiri pansi, n'kuyang'ana mwala umodzi umene unali pafupi ndi tayala. Anauyang'ana mwalawo, akupuma, mpaka phokoso linatha. Atadzutsa mutu, sitima inali itapita, njanji ili pululu, ndipo kutsidya kunali mitengo ya malambe ya kwawo. Anakwera n'kuwoloka.

Anafika dzuwa litapendeka. Mayi ake anali pamkeka panja. Ataona munthu wa njinga akulowa pabwalo, anaika dzanja pamphumi kuti aone bwino. Latifu anafuna kutsika, koma iwo anamuletsa.

"Usatsike, mwanangu. Zungulira kaye pabwalopa ndikuone."

Latifu, bambo wa ndevu, wotopa, fumbi lili mpaka m'nsidze, anazungulira bwalo la mayi ake ngati mwana amene wangophunzira kumene. Anazungulira, nkhuku zikuthawa, mlongo wake akuseka pakhomo. Mayi ake sanaseke. Ankangomutsatira ndi maso, milomo ikuyenda pang'onopang'ono poyamika Mulungu. Kenako anati basi, tsika, ubwere ndikugwire.

Lero Latifu akadali pamsewu. Mukadutsa pa Nsanama tsiku la msika mukhoza kumuona akumanga katundu, chipewa chili pamutu. Si Latifu wakale uja. Amaiwalabe zina, ndipo masiku ena mumupeza ataima pamthunzi, mapazi ali pansi, akudikira kuti mutu ukhazikike. Mukamufunsa kuti chinamugwetsa n'chiyani, amayankha kuti sakudziwa, n'kupitiriza kukoka mphira.

Mwina inunso muli ndi funso limene lakukhazikani pakhonde. Bizinesi inagwa, simukudziwa kuti inalakwika pati. Banja linatha, thupi linasintha, ntchito inapita, ndipo aliyense akukuuzani chifukwa chake chosiyana ndi cha mnzake. Mukudikira kuti mumvetse kaye, kenako mudzuke. Mafunso ena sadzayankhidwa, ndipo moyo sudikira.

Dzukani mutu ukadali wosokonezeka. Ngati pali wina wofuna kukunyamulani, lolani, ngakhale anthu aseke. Zinthu zikayamba kuzungulira, pondani pansi, pumani, zidutse, kenako mubwezere phazi pa pedulo. Mudzagwanso, mwina kangapo, koma kumene mukupita kuli anthu amene akudikira kukuonani mukulowa pabwalo.

Osataya mtima. Kwerani, mupalase.